Mtsempha wa pachidendene ndi bondo zikamawawa: mmene mungachitire mafizo ndi Pilates

Ululu wa mtsempha umadziwika ndi khalidwe lake. Munthu akadzuka m'mawa n'kuponda pansi, kumbuyo kwa chidendene kumakhala kouma gwa, moti amayamba watsimphina kaye mpaka kukafika ku bafa. Akayendayenda ululu uja umazilala, masana n'kugwira ntchito bwinobwino, mwinanso madzulo n'kukamenya mpira. M'mawa mwake ndiye umabwerera moposa dzulo. Zikatere ambiri amasankha chimodzi mwa ziwiri: kungogona osaupondanso mwendowo, kapena kumwa Brufen n'kumapitiriza ngati palibe chachitika. Zonse ziwiri zimangotalikitsa vuto. Mtsempha wotere umachira ukamasenzetsedwa katundu woyezedwa bwino, wowonjezeredwa pang'onopang'ono kwa miyezi 3 kapena kupitirira, ndipo ntchito yaikulu ya a mafizo ndi imeneyi.

Mawu oti mtsempha pa Chichewa amatchula zinthu zitatu: wodutsa magazi, wonyamula uthenga wa ku ubongo, ndi chingwe cholimba choyera chomwe chimamangirira mnofu ku fupa. Pano tikunena wachitatuwu, uja umavuta kutafuna mu mang'ina. Polumikizana mafupa ndi pena: pamenepo pali fupa lofewa loterera lophimba nsonga za mafupa, longa lija timakukuta kumapeto kwa mwendo wa nkhuku, ndi timadzi tofewetsa. Ziwirizi zimawawa mosiyana ndipo kasamalidwe kake kamasiyanako.

Musanayambe: zizindikiro zofuna chipatala lero

Bondo kapena mfundo ina iliyonse ikatupa, n'kutentha, n'kufiira, thupi n'kumatenthanso, musachite masewera alionse. Pakhoza kukhala mafinya m'kati, ndipo mafinya amawononga fupa lofewa lija m'masiku ochepa. Musatemerepo mphini pamalo otere, chifukwa lumo limangotsegulira tizilombo khomo. Pitaninso ku chipatala ngati ululu ukukudzutsani usiku uliwonse pamodzi ndi thukuta ndi kuonda, popeza TB imagwiranso msana, chiuno ndi bondo. Ngati munagwa ndipo mwendo ukukanika kuponda. Ngati katumba watupa mwendo umodzi n'kumatentha. Ndiponso ngati timfundo ta zala za manja onse awiri timatupa n'kuuma kupitirira ola lathunthu m'mawa, chomwe chimaloza ku nyamakazi yofuna mankhwala ake apadera. Chala chachikulu chakuphazi chikayamba kuwawa mwadzidzidzi usiku, osafuna ngakhale kukhudzidwa ndi chofunda, kawirikawiri imakhala gout, mtundu wina wa nyamakazi.

Mtsempha wa Achilles, womwe umachokera ku katumba kukathera pa fupa la chidendene, umatha kuduka. Munthu amamva kuti phwa, n'kutembenuka kuyang'ana amene wam'menya mwala, pomwe kulibe munthu. Kuyeza kwake n'kosavuta. Wovulalayo agone chafufumimba, mapazi alendewere kumapeto kwa bedi, wina afinye katumba ndi dzanja. Mtsempha ukakhala wamphumphu phazi limagwedezeka kuloza pansi. Likangokhala duu, waduka, ndipo masiku oyambirira ndi amene amagamula kuti ulumikizika bwino kapena ayi.

Funso lina limene ambiri saliyembekeza: kodi mwamwa ciprofloxacin posachedwa? Mankhwala ameneyu, amene amaperekedwa kawirikawiri pa matenda a m'chikhodzodzo ndi taifodi, amafooketsa mitsempha mwa anthu ena, makamaka opitirira zaka 60 ndi omwe akumwanso prednisolone. Chidendene chikayamba kuwawa muli pa mankhwalawa, bwererani kwa amene anakupatsani tsiku lomwelo, ndipo musayambe masewera.

Muyeso wa ululu

Popanda muyeso uwu malangizo onse otsatirawa angakuvulazeni. Ululu muziupatsa nambala kuyambira 0, pomwe simukumva kanthu, kufika 10, ululu woopsa umene munamvapo. Pochita masewera, ululu wofika 3 kapena 4 ndi wololedwa. Pa 5 ndiye malire. Koma woweruza weniweni ndi m'mawa wotsatira. Sankhani chinthu chimodzi choyesera, monga kuima ndi zala mwendo umodzi kapena kudzuka pampando, ndipo muzichichita nthawi yofanana m'mawa uliwonse n'kulemba nambala yake m'kope. Nambala ikakhala ngati ya dzulo kapena yatsika, katundu wa dzulo anali woyenera. Ikakwera n'kukhala yokwera tsiku lonse, munapyola muyeso: chepetsani ndi theka kwa masiku 2 kapena 3, koma osasiyiratu.

Chifukwa chake n'chakuti mtsempha umayankha mochedwa. Ukanyamula katundu wolemera, tsiku loyamba ndi theka umaphwasula ulusi wake wakale kuposa umene ukuluka, kenako kuluka kumapambana mpaka pafupifupi tsiku lachitatu. Mukaulemetsa tsiku ndi tsiku osaupatsa mpata, mumangoupeza uli pakati pophwasula. Mukaugoneka masabata angapo, umafooka pamodzi ndi mnofu wake, ndipo tsiku lobwerera ku munda kapena ku bwalo katundu yemwe kale unkanyamula mosavuta amakhala wolemera.

Mtsempha wa Achilles, gawo ndi gawo

Yambani mwapeza malo enieni owawa. Tsinani mtsemphawo pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kutsika. Ukamawawa pakati, masentimita 2 mpaka 6 pamwamba pa fupa, mwina n'kukhala ndi kachotupa kolimba, ndi mtundu wofala komanso womvera masewera msanga. Ukamawawa pafupa penipeni pomwe nsapato imakhudza, ndi mtundu wina, ndipo lamulo lake ndi ili: chidendene chisatsike kupyola pansi posalala, ndiponso musamakoke katumba pofuna kumuwongola. Phazi likapindikira m'mwamba kwambiri, mtsempha umapanikizika pa fupa ngati chingwe chokhulika pa mwala wa pachitsime.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri ndi yoziziritsa. Siyani kuthamanga, kudumpha ndi kukwera zitunda, koma kuyenda pamalo osalala pitirizani malinga ndi muyeso uja. Ikani kachidutswa kolimba kokwera sentimita 1 pansi pa chidendene m'nsapato zonse ziwiri (mukaika imodzi yokha chiuno chimapendekeka), ndipo pewani kaye patapata ndi kuyenda opanda nsapato. Masewera ake ndi oima chilili: gwirani khoma ndi nsonga za zala, kwezani zidendene zonse mpaka theka la pomwe zimafika, khalani pomwepo masekondi 30 mpaka 45, tsikani, pumani mphindi 1 kapena 2. Chitani ka 5, kawiri patsiku. Ena ululu umawatsikira pomwepo kwa maola angapo, ena ayi, koma kwa onse ndi njira yoyambira yosakwiyitsa mtsempha.

Kuuma kwa m'mawa kukayamba kufupika, pitani pa kukwera ndi kutsika. Kwezani zidendene masekondi 3, tsikani masekondi 3, muchite ka 15, mupume mphindi 2, mubwereze mpaka magawo 3. Zikapepuka, kwerani ndi miyendo iwiri n'kutsika ndi wodwala wokha. Zikapepukanso, kwerani ndi kutsika ndi mwendo umodziwo. Amene ululu wawo uli pakati pa mtsempha akhoza tsopano kuima m'mphepete mwa sitepe ya pakhonde n'kumatsitsa chidendene kupyola sitepeyo.

Katumba ali ndi minofu iwiri. Wapamwamba umagwira kwambiri bondo likakhala lowongoka, wapansi wobisika umagwira bondo likapindika, ndipo wapansiwu ndi umene umanyamula katundu wambiri poyenda ndi pothamanga. Ambiri amauiwala. Khalani pampando, phazi pansi, sanjikani chigubu cha malita 10 kapena 20 pa ntchafu pafupi ndi bondo, pansi pake mutayala nsalu yopinda, ndipo kwezani chidendene mwa kawerengedwe komwe kaja. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu ndi sikelo yokwanira.

Njira yotsika pa sitepe inatchuka ndi Håkan Alfredson, dokotala wa mafupa wa ku Umeå ku Sweden, yemwe mu 1998 anafalitsa zotsatira za odwala 15 omwe onse anabwerera kukathamanga atachita masewerawa masabata 12. Muyeso wake unali wowawa ndithu: magawo 3 a ka 15 bondo lowongoka, ena 3 bondo lopinda, kawiri patsiku, tsiku lililonse, kutanthauza maulendo 180 patsiku. Mu 2015 ofufuza a ku Copenhagen anaiyerekeza ndi njira ya katundu wolemera wonyamulidwa mwachifatse masiku 3 okha pa sabata, ndipo zotsatira zinafanana. Ife timakonda yachiwiriyi chifukwa munthu wa ntchito amatha kuimaliza. Imayenda motere: sabata yoyamba sankhani katundu amene mungakwere naye ka 15 basi osathanso, sabata ya 2 ndi 3, ka 12, ya 4 ndi 5, ka 10, ya 6 mpaka 8, ka 8, ya 9 mpaka 12, ka 6. Maulendo akamachepa katundu akukwera. Pakhomo berekani chikwama chokhala ndi mabotolo a madzi kapena thumba la mchenga, kuyambira makilogalamu 5, n'kumawonjezera 2 kapena 3. Musadabwe chikwama chikafika makilogalamu 20: pothamanga mtsempha umenewu umanyamula kulemera kwa thupi lanu ka 6 kapena kuposa.

Zolakwika zimene timaziona kawirikawiri ndi zinayi. Phazi limapendekera ku chala chaching'ono chifukwa katumba watopa. Kulemera kuzidutsa pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri. Ena amanjanja msangamsanga ngati akuvina, motero mtsempha umangogwira ngati legeni, mnofu osalimba. Ena amatsamira khoma mpaka manja ndi amene akugwira ntchito. Cholakwika chachikulu ndi kusiya pa sabata ya 4 poti ululu watha. Ululu umatha msanga kuposa mmene mphamvu imabwerera, ndipo amene amasiya apa ndi omwe amabweranso pakatha miyezi iwiri.

Kuthamanga kumaloledwa mukamatha kukwera ndi mwendo wodwala pafupifupi ka 20, mofika pamwamba ngati mwendo wabwino, komanso kudumphadumpha pamalo amodzi ka 10 popanda ululu wopitirira 2. Yambani ndi mphindi 1 yothamanga, 2 zoyenda, ka 8, pamalo osalala, n'kudumphitsa masiku 2 pakati. Zitunda ndi liwiro zibwere pomalizira, chimodzi pa nthawi.

Bondo

Apa pali anthu a mitundu iwiri. Woyamba ndi wamng'ono msinkhu, wosewera mpira wa manja, basketball kapena volebo, yemwe amaloza ululu wake ndi chala chimodzi pansi penipeni pa kafupa kozungulira ka pabondo. Umenewo ndi mtsempha, ndipo malamulo ake ndi omwe aja a Achilles. Yambani ndi kutsamira khoma: msana pakhoma, mapazi patsogolo, tsikani ngati mukukhala pampando wosaoneka koma osafika pansi penipeni, khalani masekondi 45, ka 5, kupuma mphindi 2 pakati. Kenako kunjuta mwachifatse mutabereka chikwama, kenako kutsika sitepe ndi mwendo umodzi. Kudumpha kumabwera pomaliza.

Wachiwiri ndi wa zaka 45 kupita m'tsogolo, bondo lake limawawa pokwera masitepe, podzuka pamphasa ndi pogwada, limalira kuti khrr likamapindika, ndipo m'mawa limauma osapitirira mphindi 30. Iyi ndi nyamakazi yobwera ndi msinkhu. Anthu otere amauzidwa kuti mafupa atha, ndipo amachita mantha kuyenda poopa kumaliza otsalawo. Koma fupa lofewa lija lilibe mitsempha ya magazi. Limadya kudzera mu timadzi ta m'bondo, likamafinyidwa ndi kumasulidwa ngati chinkhupule. Bondo losayenda limalimana chakudya. Ndiponso chithunzi cha X-ray sichifanana nthawi zonse ndi ululu: alipo a chithunzi choipa omwe amalima tsiku lonse, alipo a chithunzi chabwino omwe sagona.

Yambani ndi kudziyeza. Pampando wolimba wotalika masentimita pafupifupi 45, wotsamira khoma, manja mutapingasa pachifuwa, werengani kuti mudzuka ndi kukhala kangati m'masekondi 30. Lembani, mudzabwereze pakatha masabata 6.

Bondo likakhala lokwiya, gonani chagada, ikani thaulo lokulunga pansi pa bondo, likanikizeni mpaka chidendene chinyamuke pang'ono ndipo ntchafu ilimbe, masekondi 5, ka 10. Likazizira, masewera aakulu ndi kudzuka pampando komweko: mapazi motalikirana ngati chiuno, matako abwerere m'mbuyo, tsikani masekondi 3 osadzigwetsa, magawo 3 a ka 10. Mpando ukatsikitsa, sanjikani pilo kapena bulangete lopinda, ndipo muzichotsa pang'onopang'ono masabata akamapita. Onjezerani kukwera sitepe yotalika ngati njerwa yogoneka, kenako njerwa ziwiri zokhazikika bwino. Yang'anani bondo pagalasi kapena pa zenera: liziloza ku chala chachiwiri. Likamagwera m'kati, vuto lili ku minofu ya m'mbali mwa thako, ndipo apa ndi pomwe Pilates, njira ya masewera ophunzitsa mimba, msana ndi chiuno kukhazikika, imathandiza. Masiku 2 kapena 3 pa sabata ndi okwanira. Ku Denmark pulogalamu ya GLA:D, yomwe inayamba mu 2013 ya odwala mawondo ndi chiuno, imachita kawiri pa sabata kwa masabata 6, koma munthu amayenera kupitiriza yekha pambuyo pake, apo ayi phindu limazimirira.

Kilogalamu imodzi imene munthu wonenepa wataya imachotsa pafupifupi makilogalamu 4 pa bondo nthawi iliyonse akaponda. Ndodo igwiridwe ku dzanja la mbali yabwino, osati ya mwendo wodwala. Njinga ndi yabwino, chishalo chikakhala chokwera moti bondo latsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi.

Malo a Pilates

Joseph Pilates anabadwa mu 1883 ku Mönchengladbach ku Germany. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anasungidwa mu msasa wa anthu a ku Germany pa chilumba cha Isle of Man, komwe ankaphunzitsa anzake masewera, ndipo cha m'ma 1926 anasamukira ku New York n'kutsegula malo ake ophunzitsira. Mwiniwake ankaitcha njirayi Contrology, kutanthauza luso lolamulira thupi. Dzinali likunena zoona za chimene imachita: imaphunzitsa mimba, msana, chiuno ndi mapewa kukhazikika pamene manja ndi miyendo zikuyenda. Chimene Pilates ya pamkeka singachite ndi kupatsa mtsempha wa Achilles katundu wa makilogalamu 20. Amene wakuuzani kuti kalasi yokha ichiritsa mtsempha wakulonjezani zambiri. Muziichita pa masiku opumira katundu wolemera, mphindi 15 mpaka 20.

Gonani chagada pamkeka, pansi mutayala bulangete, mawondo opinda, mapazi pansi. Ikani manja pa mafupa awiri a kutsogolo kwa chiuno. Pendeketsani chiuno mpaka msana ukhudze pansi, kenako mbali inayo mpaka msana upange mlatho, ndipo imani pakati, pomwe zala zingalowe pang'ono pansi pa msana. Pamenepo ndi poyambira masewera onse. Tsopano gwirani nthiti m'mbali. Kokani mpweya ndi mphuno, nthiti zitambasukire m'manja mwanu. Tulutsani pakamwa pang'onopang'ono, mukukokera mimba ya pansi pa mchombo m'kati pang'ono ngati mukutseka zipi ya thalauzi yothina. Mphamvu yake ikhale yochepa, yoti mukhoza kulankhula. Mukaona mitsempha ya m'khosi yatuluka kapena mwabanika, mwapyola. Chitani ka 8.

Mlatho ndi masewera amene bondo limapindula nawo kwambiri. Potulutsa mpweya, nyamulani matako kuyambira kumunsi, msana uchoke pansi fupa limodzilimodzi mpaka mapewa, chiuno ndi mawondo zikhale pa mzere umodzi. Kokani mpweya muli pamwamba, tsikani momwemo kuyambira pakati pa mapewa. Ka 8 mpaka 10. Kumbuyo kwa ntchafu kukakokana, mapazi ali kutali. Asunthireni pafupi ndi matako. Msana ukawawa, mwakwera mopitirira ndipo nthiti zatukuka. Zikapepuka, muli pamwamba nyamulani phazi limodzi masekondi 3 popanda chiuno kupendekeka.

Kenako, muli chagadabe, nyamulani miyendo umodziumodzi mpaka ntchafu ziime chilili ndipo miyendo yakumunsi igone ngati pathebulo. Tsitsani phazi limodzi likakhudze pansi, libwerere, kenako linalo, ka 8 mbali iliyonse. Dzanja likhale pansi pa msana ngati mlonda: msana ukachoka padzanja, fupikitsani ulendo wa phazi.

Tembenukirani chammbali, mwendo wapansi wopinda, wapamwamba wowongoka ndiponso wobwerera m'mbuyo pang'ono, chidendene chitsogole. Ukwezeni kufika pa msinkhu wa chiuno kapena kupitirira pang'ono, ka 10 mpaka 12. Muyenera kumva kutopa m'mbali mwa thako, pomwe pamakhala thumba lakumbuyo la thalauzi. Mukamva kutsogolo kwa ntchafu, ndiye kuti chiuno chagubudukira m'mbuyo. Gonani motsamira khoma kuti likuletseni. Chenjezo kwa amayi ambiri a zaka za m'ma 50 omwe amamva ululu pafupa la m'mbali mwa chiuno, makamaka akagonera mbali imeneyo: umenewo kawirikawiri ndi mtsempha wa thako, ndipo umakwiya ukapanikizika. Ikani mapilo awiri pakati pa miyendo, nyamulani mwendo pang'ono chabe kuchoka pa mapilowo n'kukhala masekondi 10, musausiye ugwere kutsogolo. Lekani kupingasa miyendo pokhala, kuimira mwendo umodzi chiuno chitatulukira kumbali monga timachitira tikanyamula mwana pambali, ndi kukokera bondo ku phewa la mbali ina.

Omalizira ndi okwawa: manja pansi pa mapewa, mawondo pansi pa chiuno, tambasulani mwendo umodzi m'mbuyo ndi dzanja la mbali ina kutsogolo, masekondi 5, ka 6 mbali iliyonse. Ikani kapu ya pulasitiki yopanda kanthu pamsana; ikagwa mwapendekeka. Ngati kugwada kukuwawa, chitani mutaima, manja atatsamira thebulo.

Amene angapeze situdiyo yokhala ndi makina a Reformer, bedi loyenda pa timatayala lokokedwa ndi masipuling'i, ali ndi mwayi wina: amakankha ndi mapazi atagona, motero bondo limagwira ntchito popanda kusenza thupi lonse, ndipo katundu amasinthidwa pochotsa kapena kuwonjezera sipuling'i. Muuzeni mphunzitsi za vuto lanu kalasi isanayambe. Pa mtsempha wowawa pafupa la chidendene, kanani gawo lotsitsa zidendene pansi pa chitsulo chopondapo. Amene mafupa awo ndi ofooka chifukwa cha ukalamba apewe masewera opinda msana kwambiri monga Roll Up ndi Roll Over, ndipo wa khosi lovuta achite masewera ogona chagada otchedwa Hundred mutu uli pansi.

Chigongono ndi phewa

Ululu wa kunja kwa chigongono, umene umabaya pofinya zovala, pogwira khasu, popala matabwa kapena ponyamula ketulo, umatsata lamulo lomweli. Gonekani mkono pathebulo, dzanja lilendewere m'mphepete chikhatho chitaloza pansi, gwirani botolo la theka la lita, kwezani masekondi 3, tsitsani masekondi 3, magawo 3 a ka 15, tsiku lina kupuma. Nyamulani zinthu chikhatho chitaloza m'mwamba, ndipo kulungani nsalu kapena labala pa mpini kuti unenepe, dzanja lisafinye kwambiri. Pa phewa, mangani legeni ya chubu cha njinga pa chogwirira chitseko, chigongono chikhale pa nthiti chitapinda, kokerani dzanja kunja mwachifatse, ka 12. Phewa limene likukanika kuyenda ngakhale wina akalinyamula, makamaka mwa wodwala shuga, ndi matenda ena. Likaonedwe ndi a mafizo.

Mankhwala, kuthowa ndi jakisoni

Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda mphindi 15 kumafewetsa bondo louma musanayambe masewera. Ayisi wokulunga m'nsalu mphindi 10 amathandiza likatupa pambuyo pake. Zonsezi zimapepuza ululu chabe, ndipo wodwala shuga yemwe mapazi ake samva bwino ayese madziwo ndi chigongono kuti angapse. Kusisita katumba kapena ntchafu kulibe vuto, koma kutikita mwamphamvu pa mtsempha wowawa penipeni kumaukwiyitsa.

Panado wamkulu asapitirire magalamu 4 patsiku, omwe ndi mapilisi 8 a 500 mg. Brufen, diclofenac ndi Indocid amathandiza bondo lotupa kwa masiku ochepa, koma akamwedwa miyezi amatha kubowola m'mimba, kukweza BP ndi kuwononga impso. Wa zilonda za m'mimba, wa matenda a impso kapena mtima, woyembekezera, ndi amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir afunse kaye ku chipatala. Diclofenac wopaka ndi wofatsirapo pa bondo. Musamwe mankhwala opha ululu kuti muthe kuchita masewera, chifukwa mumakhala mwaphimba muyeso uja.

Jakisoni wa cortisone amachotsa ululu msanga, n'chifukwa chake amakondedwa. M'bondo la nyamakazi lotupa akhoza kupereka mpata wa masabata angapo woyambira masewera. Pa chigongono kafukufuku wasonyeza kuti obayidwa amapeza bwino mwezi woyamba koma pakatha chaka amakhala kumbuyo kwa osabayidwa, ndipo ululu umawabwerera kwambiri. Mu mtsempha wa Achilles ndi wa pabondo madokotala ambiri amakana kubaya poopa kuti ungaduke.

Sabata yake, ndi nthawi yobwerera kwa a mafizo

Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu katundu wolemera. Lachiwiri ndi Loweruka Pilates ndi kuyenda kapena njinga. Lachinayi ndi Lamulungu zopepuka. Tsiku lolima, lokwera phiri kapena loima pa maliro kuyambira m'mawa liwerengedwe ngati tsiku la katundu wolemera, ndipo masewera a tsikulo adumphidwe. Pa sabata sinthani chinthu chimodzi chokha, kulemera kapena kuchuluka, kuti ululu ukakwera mudziwe chaukweza.

Pakatha masabata 6 yang'anani kope lija. Nambala ya m'mawa ikhale yatsikako, ndipo kudzuka pampando kapena kukwera ndi zala kukhale kwawonjezeka. Mtsempha umene wawawa chaka chonse umatha kutenga miyezi 6 kapena kupitirira. Koma masabata 12 akakwana mukuchita mokhulupirika popanda kusintha kulikonse, pamafunika kuyezanso: mwina ululu ukuchokera ku msana, mwina shuga kapena mafuta a m'magazi akwera, mwina katundu ndi wopepuka kwambiri, chomwe chimachitika kawirikawiri. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi nthambi za mafizo, komanso kuli Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Popita tengani kope lanu, buku la ku chipatala, mankhwala onse amene mukumwa, kabudula woti bondo lioneke, ndi nsapato zimene mumavala tsiku ndi tsiku, chifukwa kadyekedwe ka pansi pake kamaonetsa mmene mumapondera.